Ulendo Wanga wa ku Finland

Anzanga ambiri pa sukulu pano akhala akundifunsa za ulendo umene ndinayenda pa tchuthi chachikulu cha chaka cha 2024, ndipo ena abwereza funso limodzimodzi kawiri katatu. Chotero pamene Mkonzi wa magazini yathu anandipempha kuti ndilembepo kanthu, ndinavomera msanga, kuti ndiyankhe onse pa nthawi imodzi. Sindidzalongosola zonse, pakuti zingadzaze buku. Ndidzanena za anthu a dzikolo ndi makhalidwe awo, makamaka za mkulu wina amene poyamba ndinaipidwa nawo kwambiri, koma tsopano ndimawakumbuka masiku onse.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amaphunzira za nkhalango pa yunivesite ya mumzinda wa Joensuu, kum'mawa kwa Finland. Iwo ndiwo anandiitana, nalipira ulendo wonse ndi ndalama zimene anasunga kwa zaka ziwiri. Ndinanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kumapeto kwa Julaye, ndipo ndinadzera ku Addis Ababa ndi ku Stockholm ndisanafike ku Helsinki, likulu la dzikolo, kumene amalume anandichingamira. Kuchokera kumeneko tinakwera sitima ya pamtunda, ulendo wa maola anayi ndi theka.

Pa windo la sitimayo ndinaona zinthu ziwiri zokha, mitengo ndi madzi. Ikatha nkhalango tinali kuona nyanja, ikatha nyanja tinali kulowanso m'nkhalango. Dzikoli nlalikulu pafupifupi katatu kuposa Malawi, koma anthu ake angopitirira pang'ono 5.5 miliyoni, pamene ife tapitirira 20 miliyoni. Magawo atatu mwa magawo anayi a mtunda wake ndi nkhalango, ndipo nyanja zazikulu ndi zazing'ono amati ziripo 188,000. Koma chimene chinandidabwitsa koposa m'sitimamo ndicho bata. Munali anthu oposa 30 m'chipinda chathu, komabe munali zii monga m'holo yathu pa tsiku la mayeso. Kwathu kuno ukakwera basi ku Lilongwe kupita ku Dedza, pofika pa Nathenje umakhala utadziwa kale kwawo kwa mnzako wokhala naye pa mpando, dzina la mfumu yake, ndi matenda amene mwana wake akudwala. Kumeneko aliyense anasankha mpando wotalikirana ndi mnzake, natulutsa buku kapena foni. Ine nditayamba kusimba za kumudzi ndi mau anga a masiku onse, amalume anandigwira dzanja, nati, "Tsitsa mau, mphwanga. Kwa eni kulibe mkuwe."

Masiku oyamba ndinavutika ndi tulo, chifukwa nthawi ya 10 koloko usiku kunja kunali kukali koyera, ndipo isanakwane 4 koloko m'mawa kunali kutacha kale. Amalume anandiuza kuti ndisadandaule, pakuti mu Disembala zimatembenuka: dzuwa limaoneka pafupifupi maola asanu okha, ndipo nyanja zimauma madzi moti anthu amayendapo ndi miyendo. Zakudya ndinazizolowera msanga. Amadya mbatata ya kachewere, nsomba, mkaka wambiri, ndi buledi wakuda wowawasa wotchedwa ruisleipä. Kuli tizitumbuwa topyapyala tokhala ndi phala la mpunga pakati, totchedwa karjalanpiirakka, timene ndinatikonda koposa. Khofi amamwa m'mawa, masana ndi madzulo. Tsiku lina ndinapeza maswiti akuda pa tebulo, ndipo ndinaponya atatu m'kamwa osafunsa. Anzanga, akulu sananame kuti safunsa anadya phula! Anali amchere ndi owawa ngati mankhwala. Amawatcha salmiakki, ndipo ana a kumeneko amawalirira.

Chinenero chawo nchovuta, koma chiri ndi zina zofanana ndi chathu. Mau amawerengedwa monga momwe alembedwera, ndipo ali ndi liwu limodzi, hän, lotchulira mwamuna ndi mkazi yemwe, monga ife tinenera kuti "iye". Ndinaphunzira kiitos, ndiye kuti zikomo, ndipo ndinapempha amalume kuti andiphunzitse kunena kuti "Muli bwanji?" Iwo anati ndi Mitä kuuluu? Anafuna kuwonjezapo mau ena, koma ine ndinali nditathamangira kale kunja kukayesa.

Tinali kukhala m'nyumba yosanja, ndipo pa khomo loyang'anana ndi lathu panali kukhala mkulu wina wamtali, wa imvi mutu wonse, wa zaka ngati 80. M'mawa uliwonse nthawi ya 8 koloko, potsika kukagula mkaka, ndinali kukumana nawo pa makwerero atanyamula kathumba ka zinyalala. Monga mwana woleredwa bwino, ndinali kuima pambali, kugwira manja pamodzi, ndi kunena, "Mitä kuuluu?" Mkuluyo anali kuima, kundiyang'ana m'maso kwa kanthawi, kugwedeza mutu pang'ono, napitirira osatulutsa liwu. Tsiku loyamba ndinati mwina sanamve. Tsiku lachiwiri ndinakweza mau. Pofika tsiku lachisanu ndinawapatsa dzina lakuti a Duu, ndipo mtima wanga unayamba kuwawa. Kwathu munthu wokana moni timamuyesa mfiti kapena mdani.

Kuwawako kunakula chifukwa cha chinthu china chimene sindiyenera kubisa. Madzulo ena tikuchokera ku msika, munthu wina woledzera anatikuwira mau aukali, natiloza chala. Anthu odutsa anangoweramitsa nkhope. Ndinafunsa tanthauzo la mauwo, koma amalume anakana kumasulira. Anangoti anali kunena za khungu lathu, ndipo anthu otere alikodi m'dzikomo, ngakhale kuti si ambiri. Usiku umenewo ndinaphatikiza woledzerayo ndi mkulu wa pa makwerero, ndi anthu a m'sitima aja, ndipo ndinati, "Malume, anthu awa satifuna. Kulibwino ndibwerere kwathu msanga." Amalume anakhala chete pang'ono, nati, "Woledzera uja walakwa, ndipo sindimuikira kumbuyo. Koma za mkulu uja usaweruze lero. Kuona maso a nkhono nkudekha." Ndinapitiriza kupereka moni, koma ndinene zoona, ndinali kuchita mwamakani, kuti ndione amene adzayamba kutopa.

M'masabata amenewo ndinaona zinthu zina zimene sizinagwirizane ndi chiweruzo changa. Tsiku lina ndinaiwala jekete langa latsopano pa benchi pafupi ndi mtsinje wa Pielisjoki, umene umadutsa pakati pa mzindawo. Ndinakumbuka usiku, ndipo ndinalira mumtima. M'mawa mwake ndinalipeza litapachikidwa pa nthambi ya mtengo kuti lioneke bwino, ndipo ndalama zanga zinali m'thumba zonse. Amalume sanadabwe nkomwe. Anandiuza kuti m'chaka cha 2013 magazini ya Reader's Digest inataya dala zikwama za ndalama 12 mumzinda wa Helsinki, ndipo 11 zinabwezedwa. Ndinaona amayi akusiya khanda liri mtulo m'kangolo kake panja pa nyumba yomweramo khofi, iwo ali m'kati. Ndinaona tiana ta zaka 7 tikupita tokha ku sukulu, ndipo magalimoto anali kuima kuti tidutse. Munthu akati adzafika 2 koloko, ndiye kuti 2 koloko ikamakwana iye ali pa khomo.

Sukulu zawo zimatsegulidwa mu Ogasiti, chotero mnzawo wina wa amalume, amene ndi mphunzitsi, ananditenga kukacheza tsiku limodzi pa sukulu yawo. Ophunzira savala yunifolomu, salipira fizi, ndipo aliyense amadya chakudya chotentha cha masana kwaulere, mwambo umene unafalikira dziko lonse kuyambira 1948. Chimene chinandiimitsa mutu nchakuti amatchula mphunzitsi dzina lake lenileni, monga mnzawo wosewera naye. Ndinayembekeza kuti m'kalasi mudzakhala chipwirikiti, koma mphunzitsi atatuluka, onse anapitiriza kulemba. Ndinawauza kuti kalasi lathu liri ndi anthu oposa 60, ndipo mnyamata wina anafunsa ngati mphunzitsi amatidziwa maina tonse. Kunali kufunsa kwenikweni, kopanda chipongwe, ndipo anadikira yankho.

Loweruka la sabata yachitatu, m'mawa, tinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza a Duu ataima, zidebe zitatu ziri m'manja. Analankhula ndi amalume mau osapitirira khumi, natsika. Amalume anaseka, nati, "Vala nsapato zolimba. Akuti tikathyole zipatso kumunda kwawo, ndipo tikagona komweko."

Tinayenda pa galimoto yawo yakale ola limodzi kulowera kumpoto, ndipo m'njira monsemo sanalankhule, kupatula pamene analoza msewu wopita ku Koli, phiri lawo lotchuka. Nditamva kuti kutalika kwake ndi mamita 347, ndinadziletsa kuseka pokumbukira Mulanje wathu wa mamita 3,002. Tinafika pa kanyumba ka matabwa m'mphepete mwa nyanja, kopanda magetsi ndi mpope. Tinyumba totere amatitcha mökki, ndipo anthu ambiri a m'tauni amathawirako m'nyengo yofunda. Mwambo wa dzikolo umalola munthu aliyense, ngakhale mlendo, kuyenda m'nkhalango ya mwini ndi kuthyolamo zipatso ndi kuzula bowa, malinga asadule mtengo, asasonkhe moto popanda chilolezo, ndiponso asayandikire pa khomo la munthu. Zipatsozo, zotchedwa mustikka, nzazing'ono ngati nandolo, zakuda mobiriwira, ndipo zimamera pa tizitsamba tosafika m'mawondo. Udzudzu unali wochuluka kuposa wa ku Nkhotakota, koma ulibe malungo.

Pofuna kuonetsa kuti mwana wa ku Malawi si waulesi, ndinatsata zipatso ndiri chiweramire, osayang'ana kumene ndinali kupita. Pamene chidebe chinadzaza ndinaweramuka, ndipo sindinaone munthu. Mitengo yonse inali yofanana. Kwathu ukasokera umayang'ana phiri, kapena umamva galu ndi mtondo wa pa mudzi wapafupi. Kumeneko kunalibe chirichonse cha izi. Foni ndinali nditaisiya m'kanyumba kaja. Ndinakumbukanso kuti amalume ananena kuti m'dera limenelo muli zimbalangondo. Ndinafuula, ndinathamanga uku ndi uku, ndinagwa m'dambo, ndipo zipatso zonse zinatayika. Ndikuganiza kuti panapita maola awiri. Potsiriza ndinamva kulira kwa chitsulo chapatali, ngo, ngo, ngo, kosalekeza. Ndinalondola kulirako, ndipo ndinapeza mkulu uja akumenya chidebe ndi mwala, thukuta liri kamukamu, malaya atang'ambika. Amalume anali atapita kukandifuna mbali ina.

Ndinayembekeza kudzudzulidwa, ndipo kunali koyenera. Koma iwo anangondiyang'ana kuyambira kumutu kufikira kumapazi, nandipatsa botolo la madzi. Ataona chidebe changa chopanda kanthu, anakhuthuliramo theka la zipatso zawo, natsogola. Amalume ndiwo anandikalipira mokwanira anthu awiri.

Madzulo mkuluyo anasonkha moto mu sauna. Ndi kanyumba kotsekeka kamene muli mbaula yokhala ndi miyala pamwamba. Miyalayo ikapsa amathirapo madzi, ndipo nthunzi yotentha imadzaza m'katimo kufikira thupi lonse lituluka thukuta. Kutentha kumafika madigiri 80 kapena kuposa. Amadzimenya pang'onopang'ono ndi timitsatsa ta masamba onunkhira, kenaka amathamanga kukadziponya m'nyanja yozizira. Amati m'dziko lonse muli ma sauna okwana ngati 3 miliyoni, ndipo kale amayi anali kuchiriramo, ndi maliro omwe anali kusambitsidwiramo. M'chaka cha 2020 bungwe la UNESCO linaika mwambowu pa mndandanda umene palinso Gule Wamkulu. Amuna amalowa paokha ndi akazi paokha, ndipo amalowa osavala. Ine manyazi anandigwira, pakuti kwathu mnyamata sasamba pamodzi ndi akulu, chotero ndinadzikulunga thaulo, ndipo palibe anandiseka.

Titatuluka tinakhala pa khonde kuyang'ana nyanja, dzuwa likulowa pang'onopang'ono. Tinakhala chete nthawi yaitali, ndipo ndinadabwa kuona kuti batalo silinali kundivutanso. Pamenepo mkulu uja anayamba kulankhula, amalume namasulira. Anati anabadwa m'chaka cha 1944, chaka chimene makolo awo anasamuka ku Karelia, dera limene Soviet Union inatenga itatha nkhondo. Anthu oposa 400,000 anasiya nyumba ndi minda yawo, ndipo mayi wawo anayenda pansi akukusa ng'ombe, iwo ali khanda m'ngolo. Anatinso makolo akale anadya buledi wosakaniza ndi makungwa a mtengo wa paini, makamaka pa njala ya 1866 mpaka 1868 imene inapha anthu oposa 100,000. Ndinakumbuka zimene agogo amasimba za njala ya 1949, ndipo ndinazindikira kuti anthu awa sanabadwe olemera.

Kenaka anatembenukira kwa ine, nati kwa amalume, "Muuzeni mnyamatayu kuti sindinamunyoze. Wakhala akundifunsa tsiku ndi tsiku kuti ndiri bwanji. Achinyamata a masiku ano amayankha funso limenelo mopepuka, koma ine ndinaleredwa kuti munthu akakufunsa, umuuze zoona. Zoona zake nzakuti mkazi wanga anamwalira mu Novembala chaka chatha, ana anga ali kutali, ndipo sindiri bwino. Sindikanatha kunena zimenezi pa makwerero kwa mwana wa eni, ndiponso sindikanatha kunama. Chotero ndinakhala chete." Anamwa khofi pang'ono, nawonjeza kuti, "Mumuuzenso kuti munthu wokhala yekha sakhala ndi zinyalala zotaya tsiku ndi tsiku. Ndinali kutsika 8 koloko kuti ndimve funsolo."

Anzanga, sindinapeze choyankha. Munthu amene ndinamutcha a Duu, amene ndinamuika gulu limodzi ndi woledzera uja, anali kudzuka m'mawa kudikira moni wanga, moni umene ine ndinali kupereka mwamakani, wosafuna nkumva komwe yankho lake. Amalume anandiuza pambuyo pake kuti tsiku lija anafuna kundichenjeza za kulemera kwa funsolo, koma ndinathawa asanamalize.

Kuyambira chaka cha 2018 kufikira chaka cha ulendo wangacho, lipoti lotchedwa World Happiness Report linaika Finland pa nambala 1 chaka ndi chaka, monga dziko la anthu okondwa koposa. Eni ake akamva zimenezi amangomwetulira. Monga ndinaonera ine, kukondwa kwawo ndiko kukhala opanda nkhawa ya fizi ndi ya wakuba, ndi kudziwa kuti mnzako akanena chinthu adzachichita. Koma pafupifupi theka la makomo a m'dzikolo mumakhala munthu mmodzi yekha, ndipo nkhalamba ikhoza kutha sabata osamva liwu la munthu pa khomo pake. Pa mudzi wathu zimenezi sizingachitike, ngakhale tiri osauka.

Masiku otsalawo ndinaleka kufunsa funso lija pa makwerero. Tinali kungogwedezerana mitu, ndipo kawiri anandiitana kukamwa khofi, tinakhala pamodzi theka la ola osanena zambiri. Tsiku lonyamuka anatiperekeza ku siteshoni, nandipatsa botolo la jamu wa zipatso zija. Anandigwira chanza mwamphamvu, nanena mau ochepa. Amalume anati, "Akuti udzabwerenso, ndipo chidebe chako achisunga. Usayese ngati ndi mau ongotsazikira. Akatero ndiye kuti achisungadi."

Nditafika kumudzi ndinapita kukalonjera agogo anga aakazi. Ndinagwada, ndi kunena, "Muli bwanji, agogo?" Iwo anati, "Ndiri bwino, kaya iwe?" monga mwa masiku onse. Kale ndikanayankha ndi kuimirira pomwepo, koma tsiku limenelo ndinakhala pansi pa mphasa, ndi kufunsanso, "Agogo, muli bwanji kwenikweni?" Anandiyang'ana modabwa, ndipo patapita kanthawi anandiuza kuti diso lawo lamanzere linayamba kuchita khungu miyezi isanu yapitayo, koma sananene chifukwa sanafune kuvutitsa anthu. Tonse pa khomopo tinali kuwapatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo palibe anadziwa. Amayi anapita nawo ku chipatala sabata yomweyo, ndipo madokotala anati ndi ng'ala, nawachita opaleshoni. Tsopano akusankhanso okha nyemba pa lichero.

Chotero kwa inu amene mumandifunsa ngati anthu a ku Finland ndi abwino kapena oipa, ndikuti ali monga ife: alipo oledzera achipongwe, aliponso omenya chidebe maola awiri m'nkhalango chifukwa cha mwana wa mlendo. Ena a inu mudzapita kutali kuposa kumene ndinafika ine. Mukadzafika, musadzafulumire kuweruza mwambo umene simunaumvetse, monga ndinachitira ine. Ndipo tikali pano, moni wathu tisausiye, pakuti ndaona dziko limene anthu akuusowa. Koma popereka moniwo, tiziima pang'ono ndi kumva yankho.

Ndithokoza amalume anga chifukwa cha ulendowu, Mphunzitsi Wamkulu amene anandilembera kalata yothandiza kupeza viza, ndi Mkonzi pondipatsa malo m'magazini ino. Jamu uja anatha kalekale, choncho a m'chipinda chathu chogona aleke kufunsa.

Wophunzira wa Folomu 4